Eyam, Mudzi wa ku England Umene Unadzitsekera Mliri Uli M'kati

M'mbali mwa kanjira ka miyendo kotsetsereka kuchokera ku Eyam kupita ku mudzi woyandikana nawo wa Stoney Middleton, m'chigawo cha Derbyshire ku England, pali chimwala chimene chinangokhala chokha pakati pa msipu wa nkhosa. Si chachikulu, munthu wotopa atha kukhalapo n'kupuma. Ukawerama n'kuchiyang'anitsitsa pamwamba umaona timaenje tisanu ndi kamodzi, tozungulira bwino, toonekeratu kuti tinabooledwa ndi munthu. M'chaka cha 1666 anthu a ku Eyam ankathira viniga m'timaenje timeneti, n'kuponyamo ndalama zachitsulo, kenako n'kubwerera m'mbuyo. A kumidzi ina ankafika, kutula chakudya pansi, kuvuula ndalamazo, n'kumapita osagwirana chanza ndi aliyense. Kwa miyezi yoposa inayi, dziko lonse la anthu a ku Eyam linkathera pamwala pamenepa.

Dzinali limalembedwa Eyam koma eni ake amati "Iim". Ndi mudzi waung'ono, wa msewu umodzi wautali ndi nyumba za miyala mbali zonse, ndipo kalembera wa mu 2011 anapezamo anthu 969. Uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku mzinda wa Sheffield, ndipo London ali kummwera, makilomita pafupifupi 250. Ambiri amene anamvapo za mudziwu amangodziwa za mliri. Ine ndimaona kuti nkhani ya mliriyo simveka bwino ngati munthu sanayambe wadziwa nthaka imene mudziwu unakhalapo, chifukwa ndi nthakayo imene inaitana anthu, inawadyetsa, inawalumikiza ndi London, ndiponso ndi imene inachititsa kuti kudzitsekera kutheke.

Eyam anamangidwa pokumanira mitundu iwiri ya miyala. Kummwera kwake kuli mwala wa laimu, wotuwa, umene unapangika zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo, pamene dera lonseli linali pansi pa nyanja yofunda ndi yosazama. Zigoba za tizilombo ta m'nyanjamo zinkawunjikana pansi mpaka zinasanduka thanthwe, ndipo lero ukanyamula mwala pa mpanda wa munda umatha kuziona zigobazo zili m'kati. Dera la mwala umenewu amalitcha White Peak. Kumpoto kwa mudzi nthaka imakwera mwadzidzidzi kukhala chitunda chachitali chotchedwa Eyam Edge, ndipo pamwamba pake pali mwala wina, wamchenga, wokhakhala ndi wodera, umene kalekale ankasemera mphero zoperera tirigu. Kumeneko ndiko kumayambira Dark Peak, mtunda wamphepo, wopanda mitengo, wa zitsamba zazifupi ndi nkhosa. Mudziwo uli pa kashelufu pakati pa ziwirizi, mamita pafupifupi 250 pamwamba pa nyanja. Ukautembenukira msana n'kuyenda pang'ono chakummwera, nthaka imadukanso n'kugwera m'chigwa chakuya cha maphompho chotchedwa Middleton Dale.

Chimene chinakoka anthu oyamba ndi madzi. Mwala wa laimu umamwa madzi. Mvula ikagwa imalowa m'ming'alu, n'kumasungunula mwalawo pang'onopang'ono, n'kupanga mapanga ndi mitsinje ya pansi pa nthaka, moti pamwamba pamakhala pouma ngakhale kuti dzikolo ndi lamvula chaka chonse. Midzi yambiri ya ku White Peak inkavutika ndi madzi pa chifukwa chimenechi. Koma mvula yogwa pa chitunda cha kumpoto imalowa m'mwala wamchenga uja, n'kukakumana ndi dothi lolimba losalola madzi kudutsa, ndiye imatulukira m'mbali mwa chitunda ngati akasupe. Eyam anandanda motsatira mzere wa akasupewo, n'chifukwa chake ndi wautali koma wopyapyala. Mu 1588 anthu a m'mudzimo anaika miphika yamiyala, yonga mingolo yomwera ng'ombe, m'malo angapo mumsewu, n'kukokeramo madzi ochokera ku akasupe. Ina mwa mingoloyo ikadalipo. Akatswiri a mayina amati dzina loti Eyam likuchokera ku liwu la Chingerezi chakale lotanthauza "pa zilumba", ndiye kuti malo ouma okhalika pakati pa malo onyowa kapena osalimika. M'kaundula wamkulu wa minda ndi midzi amene mfumu William analembetsa mu 1086, wotchedwa Domesday, mudziwu ulimo, ndipo unalembedwa kuti Aiune.

Anthu analiko kale kaundulayo asanalembedwe. Pamwamba pa mtunda wa Eyam Moor pali miyala yoimikidwa mozungulira, yotchedwa Wet Withens, ya anthu amene ankakhala kumeneko zaka masauzande angapo zapitazo. Pabwalo la tchalitchi cha St Lawrence pali mtanda wamwala wosemedwa ndi angelo ndi zoluka, wa zaka zoposa 1,100.

Chuma chenicheni cha mudziwu chinali pansi pa mapazi. M'ming'alu ya mwala wa laimu muli mizere ya miyala ya mtovu, chitsulo cholemera ndi chofewa chija, chimene ankafolerera matchalitchi, kupangira mapaipi a madzi ndi zipolopolo. Aroma anakumba mtovu ku Derbyshire, ndipo zigulu zake zodindidwa zilembo zawo zakhala zikupezeka m'chigawochi. Pofika zaka za m'ma 1600, mwamuna wa ku Eyam ankakhala ndi kamunda, nkhosa zingapo, mwina ng'ombe imodzi, koma ndalama ankaipeza kumgodi. Amayi ndi ana ankaphwanya miyala yotuluka pansi ndi kuitsuka. Ntchitoyo inali yodya moyo. Mtovu ndi poizoni, ndipo malo amene fumbi lake lagwera amadwalitsa ziweto zodya udzu wa pamenepo.

Malamulo a migodi imeneyi ndi ochititsa chidwi. Mwa mwambo wakale wa ku Derbyshire, munthu wamba ankaloledwa kufunafuna mtovu ngakhale pa malo a mwini, kupatula kumanda, m'minda ya zipatso ndi mumsewu. Akaupeza ankapereka mbale ya miyalayo kwa mkulu woyang'anira migodi, wotchedwa barmaster, ndipo mzerewo unkakhala wake malinga ngati akuukumba. Milandu ya kumgodi inkazengedwa m'bwalo lawolawo lotchedwa Barmote, ndipo oweruza anali anzawo okumba. Choncho anthu a ku Eyam anali ozolowera kupangana zinthu pagulu ndi kusunga pangano, chifukwa pansi pa nthaka moyo wa wina umadalira chingwe chimene wagwira mnzake. Sindinganene kuti chimenechi chokha ndicho chinawapangitsa kumvana mu 1666, koma sindikhulupirira kuti chinalibe gawo. Chinanso n'chakuti mtovu umafuna msika. Mahatchi onyamula katundu ankatuluka m'mudzimo ndi mtovu, n'kubwerera ndi mchere, chakudya ndi nsalu. Eyam sanali kuseri kwa dziko ayi. Nthaka yake yozizira ndi yamiyala sinkabala chakudya chokwanira onse, ndiye ankadalira misika ngati wa ku Bakewell.

Mudzi unalinso ndi bala lake mliri usanafike. England anali atangotuluka m'nkhondo ya pachiweniweni, imene inadula mutu wa mfumu Charles I mu 1649. Nkhondoyo inagawanso mpingo. Ku Eyam kunali m'busa wotchedwa Thomas Stanley, wa gulu la Apuritani, amene ankafuna chipembedzo chopanda miyambo yambiri, ndipo anthu ochuluka m'mudzimo ankamukonda. Ufumu utabwerera mu 1660 ndi Charles II, ndipo lamulo la mu 1662 litakakamiza abusa onse kutsatira buku limodzi la mapemphero la mpingo wa England, Stanley anachotsedwa pa udindo. Mu 1664 kunabwera m'busa watsopano, William Mompesson, mnyamata wosakwana zaka 30, pamodzi ndi mkazi wake Catherine ndi ana awo awiri aang'ono. Anali mlendo woikidwa ndi akuluakulu, m'mudzi umene mitima ya ambiri inali idakali kwa m'busa wakale. Stanley naye anali pomwepo, wopanda guwa koma wosasowa omumvera.

M'chilimwe cha 1665 mliri unasesa London. Makaundula a mzindawo analemba anthu oposa 68,000 ofa ndi nthendayi, ndipo akatswiri ambiri amati chiwerengero chenicheni chinayandikira 100,000. Chakumapeto kwa Ogasiti, malinga ndi mbiri imene inalembedwa patapita zaka zambiri, mtolo wa nsalu wochokera ku London unafika kunyumba ya telala wa ku Eyam, Alexander Hadfield. Wothandizira wake, George Viccars, anaumasula n'kupeza nsaluzo zili zachinyontho, ndiye anaziyanika pafupi ndi moto. Patangopita masiku ochepa anadwala, ndipo kaundula wa tchalitchi akusonyeza kuti anaikidwa m'manda pa 7 Sepitembala 1665. Patatha milungu iwiri kamnyamata ka m'nyumba yomweyo, Edward Cooper, kanatsatira. Kenako anayamba kugwa a m'nyumba zoyandikana. Nyumba zimenezi zilipobe, pafupi ndi tchalitchi, ndipo muli anthu okhalamo. Pakhomo pake anaikapo zikwangwani za mayina a amene anafera m'menemo.

Tiime kaye pa nthendayo, chifukwa anthu a nthawi imeneyo sankaidziwa monga tikuidziwira ife. Ndi mliri wa makoswe, umene umayamba ndi kachilombo kotchedwa Yersinia pestis. Kachilomboka kanadziwika mu 1894 ku Hong Kong, pamene dokotala Alexandre Yersin anakapeza, ndipo mu 1898 Paul-Louis Simond anasonyeza kuti kamayenda ndi utitiri. Utitiri ukayamwa magazi a khoswe wodwala, tizilomboto timachulukana m'mimba mwake mpaka kutseka njira ya chakudya. Ndiye umakhala ndi njala yosatha, umaluma mobwerezabwereza, ndipo poluma umalavulira tizilomboto m'bala. Khoswe akafa, utitiri umasamukira pa chilichonse chofunda chimene chili pafupi, kuphatikizapo munthu. Pasanathe sabata wolumidwayo amamva kutentha thupi, mutu, kuphwanya, ndipo amatuluka mwanabere wamkulu wopweteka m'mphechepeche, m'khwapa kapena m'khosi. Popanda mankhwala, mwa odwala khumi amafa atatu mpaka asanu ndi mmodzi. Kachilomboka kakafika m'mapapo, nthendayo imayenda ndi chifuwa kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake, ndipo wopulumuka amakhala wosowa. Lero imachizika ndi mankhwala opha mabakiteriya ngati wodwala wafulumira kuchipatala, koma sinathe padziko: inabuka m'boma la Nsanje mu 2002, ndipo ku Madagascar imabwera pafupifupi chaka ndi chaka. A ku Eyam ankaganiza kuti imayenda ndi mpweya woipa, kapena kuti ndi chilango cha Mulungu. Ankasuta fodya, kunyamula zitsamba zonunkhira ndi kupemphera.

Ku England nyengo yozizira imayamba cha mu Novembala mpaka Malichi, ndipo kuzizira kumagonetsa utitiri. Okutobala wa 1665 anali woopsa, koma chisanu chitalowa imfa zinachepa, ndipo pofika Meyi 1666 zinkaoneka ngati zatha. M'miyezi imeneyi ena amene anali ndi kothawira anachoka. Mompesson ndi mkazi wake anatumiza ana awo kwa abale ku Yorkshire, koma Catherine anakana kusiya mwamuna wake. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga: pamene chipata chinkatsekedwa, ambiri mwa otsala anali anthu amene chuma chawo chonse chinali kanyumba, kamunda ndi mzere wa mtovu umene ukanalandidwa akanausiya. Mu Juni kutayamba kutentha, mliri unadzukanso mwaukali woposa poyamba, ndipo anthu anayamba kumanga akatundu.

Apa ndi pamene abusa awiri aja, amene pa za chipembedzo sankamwerana madzi, anakhala pansi n'kumvana. Mompesson anali ndi udindo ndi njira yofikira akuluakulu. Stanley anali ndi makutu a anthu. Popanda mmodzi wa iwo sindikuona m'mene mudzi ukanavomerera. Anapangana zinthu zitatu. Mapemphero asachitikirenso m'tchalitchi, koma panja, m'kachigwa kotchedwa Cucklett Delf, kumene kuli thanthwe la laimu lobooka ngati khomo. M'busa ankaima pathanthwepo, mabanja n'kuima motalikirana pa udzu. Chachiwiri, pasakhalenso mwambo wa maliro kapena kunyamula mtembo kupita kumanda a kutchalitchi: banja lililonse liziika lokha akufa ake, msanga, pafupi ndi nyumba. Chachitatu ndicho chachikulu: pasapezeke wotuluka m'mudzi kapena wolowa, mpaka nthendayo itatha.

Pa zitatuzi, chimene chimandilasa mtima kwambiri ndi chachiwiri. Ife timati maliro n'kulirana. Tikudziwa chimene chimatanthauza kuti pakhomo pagwa zovuta ndipo anthu abwera, amayi agona m'nyumba ya siwa, adzukulu alawirira kumanda ndi makasu, wina wagwira mkono wa namfedwa. Kwa anthu a ku Eyam nakonso, kuikidwa m'dothi lopatulika la kutchalitchi, pafupi ndi makolo, ndi mapemphero a m'busa, chinali chinthu chachikulu pa chiyembekezo chawo cha kuuka kwa akufa. Zonsezi anazisiya. Mayi ankakumba yekha dzenje kuseri kwa nyumba, kumanga chingwe kumiyendo ya mwana wake, n'kumukoka kuti asamukhudze. Pamene banja lonse latha, pankabwera Marshall Howe, wokumba mtovu amene akuti anadwala n'kuchira, ndipo ankaika mitemboyo n'kudzilipira ndi katundu wa m'nyumbamo. Mu Ogasiti naye anaika mkazi wake ndi mwana wake.

Chachitatu chija sichikanatheka ndi mawu okha. Mudzi umene sudzidyetsa wokha ukatsekedwa, njala imautsegula pasanathe mwezi. Mompesson analembera Earl wa ku Devonshire, mkulu wolemera waulemu wachifumu, mwini nyumba yaikulu ya Chatsworth imene ili makilomita ochepa kuchokera pamenepo m'mbali mwa mtsinje wa Derwent, ndipo iye anavomera kutumiza chakudya ndi mankhwala. Kaya anachita zimenezi mwa chifundo kapena poteteza khomo lake, chakudyacho chinkafika. Midzi yozungulira nayo inkabweretsa zake. Malo otulira anasankhidwa m'malire: chimwala chija cha ku njira ya Stoney Middleton, ndi chitsime china chakumtunda, kumpoto, chimene lero chimatchedwa Mompesson's Well. Viniga wa m'timaenje uja ankati amatsuka nthenda pa ndalama. Chimene chinkateteza kwenikweni ndi mtunda umene unali pakati pa wotula ndi wotenga. Kakhalidwe ka malowo kanathandizanso: chitunda kumpoto, maphompho kummwera, njira zolowera zowerengeka, ndipo aliyense wodutsa ankaonekera patali. Amene akukumbukira Epulo 2020, pamene khoti lalikulu ku Malawi linaimitsa m'bindikiro wa masiku 21 anthu atadandaula kuti palibe chimene chakonzedwa choti osauka adye, aona kuti funso lake ndi lomwelo. Ku Eyam funsolo linayankhidwa chipata chisanatsekedwe.

Julayi anali woipa, koma Ogasiti ndiye anaposa miyezi yonse: anthu oposa 70 m'mwezi umodzi, m'mudzi wa msewu umodzi. Chakum'mawa kwa mudzi, pamtunda wosakwana kilomita imodzi ndi theka, pali malo otchedwa Riley. Pakati pa munda wotsetsereka pali kampanda kamiyala, kafupi, kozungulira, ndipo m'kati mwake muli miyala ya pamanda isanu ndi umodzi yoimirira ndi manda amodzi ogoneka. Ndi a banja la Hancock. Pakati pa 3 ndi 10 Ogasiti 1666, Elizabeth Hancock anaika m'manda ana ake asanu ndi mmodzi ndi mwamuna wake John. Masiku asanu ndi atatu. Akuti anthu a ku Stoney Middleton ankamuona ali kutsidya, pa phiri la kwawo, akutuluka m'nyumba m'mawa uliwonse ndi mtembo wina, ndipo panalibe amene akanawoloka kukamugwirira khasu. Iye sanadwale. Pambuyo pake anasamukira ku Sheffield kwa mwana wake amene anatsala chifukwa anali kunja kwa mudzi.

Catherine Mompesson ankayenda ndi mwamuna wake m'makomo a odwala. Anamwalira chakumapeto kwa mwezi womwewo, ali ndi zaka 27, ndipo manda ake ali pabwalo la tchalitchi, pafupi ndi mtanda wakale uja. Patapita masiku ochepa Mompesson analembera Sir George Savile, amene anamupatsa udindowo, kalata yotsanzika ya munthu amene akuona kuti naye watsala pang'ono. Stanley, mbali yake, ankalembera anthu makalata ogawa chuma chamasiye, kuti amene akufa asiye atanena za ng'ombe ndi minda yawo.

Kuzizira kutabwerera, imfa zinayamba kutalikirana. Womaliza m'kaundula ndi Abraham Morten, pa 1 Novembala 1666, patatha miyezi 14 chifereni George Viccars. M'kalata imene Mompesson analembera amalume ake mwezi womwewo, anati mudzi wasanduka Gologota, malo a chigaza, ndipo anawerenga mabanja 76 amene nthendayo inalowamo ndi anthu 259 amene anafa. Otsala anatentha zovala ndi zofunda zawo. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri lero ndi 260.

Kodi anthu 260 amenewa anali gawo lanji la mudzi? Apa ndi pamene mbiri imayamba kusiyana ndi nthano. William Wood, mbadwa ya ku Eyam amene analemba mbiri ya mudziwu mu 1842, ananena kuti munali anthu pafupifupi 350, ndiye kuti otsala anali ochepa kwambiri. Wood analemba patatha zaka zoposa 170, ndipo zambiri anazitola pakamwa pa okalamba. Nkhani zokoma zimene alendo amauzidwa lero zinadzera mwa iye, monga ya Emmott Sydall, mtsikana amene akuti ankakumana ndi bwenzi lake Rowland Torre wa ku Stoney Middleton moonerana patali m'kachigwa kaja, mpaka tsiku limene sanabwerenso. Dzina la Emmott lilimo m'kaundula wa akufa wa mu Epulo 1666, koma za chibwenzicho ndi za pakamwa. Ofufuza a masiku ano, powerenga makaundula a ubatizo, maukwati ndi msonkho, amapeza kuti anthu anali pafupifupi 700 kapena kuposa. Ndiye kuti anafa ndi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse, kapena kupitirira pang'ono. Chiwerengero chimenechi n'chotsika poyerekeza ndi cha Wood, komabe n'choposa kutali gawo la anthu amene London anataya.

Mu 2016 ofufuza awiri, Lilith Whittles ndi Xavier Didelot, anatenga mayina ndi masiku a m'kaundula wa Eyam n'kuwawerengera nyumba ndi nyumba. Anapeza kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a odwala anaitenga nthendayo kwa munthu mnzawo, osati kwa makoswe, ndipo kuti ana ndi a m'mabanja osauka ndiwo anali pa chiopsezo chachikulu. Ngati zili choncho, ndiye kuti kutseka mudzi kunali ndi nzeru yeniyeni, chifukwa munthu wothawa akananyamula nthendayo m'thupi kapena m'zovala kupita nayo ku Bakewell kapena ku Sheffield. Koma zikutanthauzanso kuti m'kati mwa mpandawo, wosamalira wodwala ndiye anali wotsatira kufa. Wolemba mbiri Patrick Wallis anasonyezanso kuti chithunzi cha mudzi wonse wodzipereka mokondwa, motsogozedwa ndi m'busa mmodzi wolimba mtima, chinakula kwambiri m'zaka za m'ma 1800, pamene anthu a nthawiyo ankakonda nkhani za ngwazi zachikhristu. Kutsekera odwala kunali kale m'malamulo a England, ndipo midzi yozungulira sikanalandira munthu wochokera ku Eyam ngakhale akanathawa.

Kodi zimenezi zikuchepetsa chimene anachita? Kwa ine ayi. Zikungochibweza kwa eni ake. Tilibe mawu a Elizabeth Hancock kapena a wokumba mtovu aliyense onena chimene ankaganiza, tili ndi makalata a m'busa basi. Mwina ena anatsala chifukwa cha chikhulupiriro, ena chifukwa chosowa kopita, ena chifukwa choopa maso a anzawo, ndipo ambiri mwina zonsezi pamodzi. Chimene chikudziwika n'chakuti panalibe asilikali ozinga mudziwo, njira za m'mapiri ankazidziwa kuposa wina aliyense, ndipo pafupifupi onse sanadutse malire. Mliri sunakhazikike m'midzi yoyandikana nayo. Ngati pali dzina loyenera kukwezedwa limene linatsalira m'mbuyo, ndi la Thomas Stanley, amene boma linamulanda guwa koma anakhalabe ndi anthu ake, mpaka anamwalirira m'mudzi momwemo mu 1670. Mompesson anachoka patapita zaka zochepa kupita ku Eakring, m'chigawo cha Nottinghamshire, ndipo kumeneko amasimba kuti poyamba anthu ankamuopa, moti ankawalalikira panja pansi pa mtengo.

Mudzi sunafe. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1670 banja la Wright linamanga nyumba yaikulu ya Eyam Hall, imene ikadali pakati pa mudzi. Maukwati anachuluka, amasiye anakwatirana, ndipo migodi inaitana anthu atsopano. M'zaka za m'ma 1700 anapeza mizere yolemera ya mtovu pansi pa chitunda cha Eyam Edge, ndipo mdani wamkulu anakhala madzi omwe aja amene anakoka makolo awo: migodi ikazama inkasefukira. Okumba anaboola ngalande zazitali pansi pa mapiri, zotchedwa sough, zotulutsira madziwo kuzigwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mtovu wotchipa wochokera kunja unagwetsa migodi ya ku Derbyshire. Koma mwala wina umene okumba akale ankautaya ngati zinyalala, wotchedwa fluorspar, unapezeka kuti ndi wofunika posungunula zitsulo, ndipo Sheffield, mzinda wa zitsulo, anali pakhomo. Milu ya zotayidwa inafukulidwanso, ndipo mgodi wa Ladywash, pamwamba pa mudzi, unagwira ntchito mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Munalinso oluka silika, ndiponso mafakitale ang'onoang'ono a nsapato, m'mene ogwira ntchito a ku Eyam ndi Stoney Middleton, ambiri mwa iwo amayi, ananyanyala ntchito kuyambira mu 1918 kwa zaka ziwiri pofuna malipiro abwino ndi ufulu wolowa bungwe la apantchito.

Kuyambira mu 1951 Eyam ali m'kati mwa Peak District National Park, dera lachilengedwe lotetezedwa ndi boma, loyamba lotere ku Britain, ndipo chizindikiro chake ndi mphero yosemedwa ku mwala wokhakhala uja. Lero ambiri okhala m'mudzimo amagwira ntchito ku Sheffield ndi m'matauni ena, ndipo ena amadya za alendo obwera kudzaona manda, tchalitchi ndi nyumba yosungiramo mbiri imene inatsegulidwa mu 1994. Mu 2020 atolankhani a m'mayiko ambiri anakhamukirako kudzafunsa zidzukulu za opulumuka za m'mene makolo awo anapiririra. Sabata yomaliza ya Ogasiti anthu amakongoletsa zitsime: amamata dongo lonyowa pa matabwa aakulu, n'kumatapo timasamba ta maluwa, njere ndi ndere, kamodzikamodzi, mpaka chithunzi chituluke, ndipo patatha masiku ochepa dongolo limang'aluka, maluwa n'kufota. Lamlungu lomaliza la mweziwo amaika maluwa ofiira pa manda a Catherine Mompesson, kenako gulu limayenda kuchokera kutchalitchi, kudutsa pa nyumba ya telala ija, kutsikira ku Cucklett Delf, kumene amapemphera ataima pa udzu, pansi pa thanthwe lobooka lija.